Chithunzi Chimene Sindidachidule

Tsiku limene tidathawa nkhondo kwathu ku Lifidzi, abambo anga adanyamula zinthu ziwiri, ine paphewa ndi radiyo m'khwapa. Amayi adasenza mtolo wa zofunda ndi mphika umodzi. Chithunzi cha ukwati wawo, chokhacho chimene chidali m'nyumba mwathu, chidatsala pakhoma, ndipo nyumbayo idapsa ife titaoloka kale malire kulowa ku Dedza. Amayi adamwalira komweko ine ndikadali kamwana ka mamina. Ndimakumbuka fungo la utsi pa kapulana yawo, chitenje chimene ankavala, ndi dzanja lozizira likundipukuta kumaso m'mawa. Koma nkhope yawo idandithawa. Ndidakula, ndidakwatiwa, ndidabereka, ndisakuidziwa.

Ndiye musadabwe ndikanena kuti ine ndi makina tidayamba ndi chidani. Radiyo ija ndinkaiyang'ana ngati mwana wa mkazi wina amene akudya gawo langa. Abambo ankaisamala kuposa mano awo. M'mawa uliwonse ankatulutsa mapilya ake, mabatire aja, n'kuwayanika padenga ngati makaka, ati dzuwa liwabwezere mphamvu. Akatheratu sankawataya. Ankawaponya m'chitini cha mafuta, nati, "Chinthu sichifa tsiku limodzi, mwanawe." Tsiku lina ankawatulutsamo, n'kuwasakaniza ndi latsopano limodzi, ndipo radiyo inkayankhuladi, ngakhale monong'ona.

Pakamwa panga patayamba kuthwa, ndidawafunsa tili kumunda. "Abambo, munthu n'kusiya mkazi wake pakhoma, n'kunyamula chibokosi cholongolola?"

Adaimika khasu. "Mkazi wanga adali pambali panga, akuyenda ndi miyendo yake. Ndinkati mawa tibwerera."

"Nanga ankaoneka bwanji?"

"Adali wokongola."

"Aliyense akafa amakhala wokongola, abambo. Ndiuzeni zenizeni."

Adatsamira khasu, nati, "Sankakhazikika. Ngati nkhuku yofuna poikira." Ndipo adapitiriza kulima.

Kwawo kwa amayi kudali kuseri kwa phiri la Domwe, ndipo nkhondo idabalalitsa mudzi wonsewo. Ena adafa, ena adakhazikika ku Malawi osabwereranso. Azakhali anga amene adandilera, mlongo wawo wa abambo, ankangoti amayi adali amfupi ndi okonda kuseka, ndipo nawonso adatisiya ndisadawapanikize bwinobwino ndi mafunso. Choncho munthu mmodzi yekha amene ndinkamudziwa kuti adasunga nkhope ya amayi anga adali abambo, ndipo adaisunga m'maso mwawo, m'mene ine sindikadatha kulowa.

Radiyo yomweyo ndiyo idatiuza kuti nkhondo yatha. Anthu a m'misasa yoyandikana nafe adadzaza pakhomo pathu, ena atakhala pansi, ena ataima, abambo atagwira mlongoti wake ndi zala kuti mawu asathawe. Amayi ena adayamba kuvina osadikira kuti wowerenga nkhani amalize. Tsiku limenelo ndidaikhululukira radiyoyo theka. Theka linalo ndidasunga, pakuti ine mtima wanga suphwa msanga.

Titabwerera kwathu abambo adamanganso pabwinja pomwe paja, nayambiranso kulima chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Ine adandipereka kushikola ya kumishoni. Kumeneko ndidakumana ndi makina olembera, achitsulo, olemera ngati mphero. Anzanga ankawaopa, ine ndidawakonda tsiku loyamba lomwe. Ndinkakonda kabelu kake kolira mzere ukatha, ndi kuti ukalakwitsa sankakunyengerera, cholakwacho chinkakhala pomwepo chikukuyang'ana. Zala zimenezi ndizo zidandipezera ntchito ku sekeretariya, ofesi ya shikola ina ku Ulongwe.

Komputadori idandipeza kumeneko. Idabwera m'makatoni, idaikidwa patebulo, idafunditsidwa kapulana yatsopano poopa fumbi, ndipo kwa nthawi ndithu tinkangoilambalala ngati mlendo wolemekezeka amene wagona. Akuluakulu a shikola ankaopa kuti woyamba kuikhudza ndiye adzakhale woyamba kuiononga. Ine ndidatopa nazo. Tsiku lina ndidaivundukula, n'kudina. Kachinthu kolozera kaja, kamene ankatiuza kuti dzina lake ndi khoswe, ndidayamba ndi kukayendetsa m'malere ngati ndikuthamangitsa ntchentche, mpaka ndidazindikira ndekha kuti kamafuna kukwawa patebulo. Chimene chidandigwetsa m'chikondi n'chakuti ukalakwitsa unkafufuta osasiya chipsera. Ndidadandaulira mapepala onse amene ndidang'amba paubwana wanga.

Yangayanga ndidakaigula ku Tete, yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi impresora yosindikizira, yokhala ndi galasi pamwamba lokopera mapepala ndi zithunzi. Ndidakana kuti aimangirire padenga la shapa, minibasi yathu ija. Ndidaifungata pamiyendo ulendo wonse, kuchokera m'ng'anjo ya Tete muja mpaka mphepo yakwathu idayamba kulowa pazenera. Amuna anga, amene ndi apulofesori, mphunzitsi wa masamu, ndipo nthabwala ndiye ndiwo zawo, adandichingamira pasiteji, nati, "Anzathu akapita ku Tete amabwera ndi nsomba zouma. Inu mwanditengera mlamu." Dzina lidakhala lomwelo. Kunyumba kwathu mpaka ana ankati mlamu wayaka, mlamu wazima, mlamu lero wadzuka ndi mkwiyo.

Ndidaigula kuti ndizilembera anthu makalata ndi mayeso. Ntchito imene idandipeza idali ina. Kale kwathu kuno maliro ankapita kumanda ndi mtanda wokha patsogolo. Sindidziwa adayambitsa ndani, koma m'zaka zimenezo kudafika mwambo woti patsogolo pa bokosi paziyenda munthu atanyamula chithunzi chachikulu cha malemu. Posakhalitsa maliro opanda chithunzi adayamba kuoneka ngati a munthu wopanda abale. Ndipo mbiri idamveka kuyambira ku Lifidzi mpaka ku Domwe kuti ku Ulongwe kuli mayi wina amene makina ake amakulitsa nkhope.

Ankafika m'mamawa, ena panjinga yakapalasa, ena pamota, njinga yamoto ija, maso ali psu, atakulunga chithunzi m'pepala la shuga kapena atachipanikiza m'buku la nyimbo. Achinyamata sankavuta, zawo zinkakhala m'telefoni. Vuto lidali la achikulire. Anthu akale sankajambulitsa okha. Wojambula ankabwera panjinga kuchokera kutauni pa tsiku la ukwati kapena la ubatizo, ndipo mudzi wonse unkapanikizana kuti ulowe m'chithunzi chimodzi, ana kutsogolo, aatali kumbuyo, agalu m'mbali. Ndiye wachibale ankanditambasulira chithunzi cha anthu ochuluka ngati msika, china chodyedwa ndi chiswe m'makona, n'kuti agogo ali m'menemu.

Ine funso langa lidali limodzi: "Malemu ndi ati apa?" Akaloza, ndinkakopera chithunzi chonse m'komputadori, n'kuzunguliza kabokosi pankhope ya malemuyo, kuyambira pamwamba pa mutu mpaka pakhosi, n'kudula. Ena onse kunja. Ndinkakulitsa, kuwalitsa pang'ono, kusindikiza, munthu n'kuthamanga kuti akapeze mwambo usadayambe. Ndidachita zimenezi zaka ndi zaka, ndipo maso anga adazolowera kuona nkhope zokha. Mukadandifunsa ngati munthu amene ndangomudulayo adavala nsapato, sindikadakuyankhani.

Koma mwana wa abambo anga ndine. Zithunzi zathunthu zija, zisadadulidwe, sindinkazifufuta. Ndinkaziponya pamalo ena m'komputadorimo amene ndidawatcha nkhokwe, monga abambo ankachitira ndi mapilya awo m'chitini. Sindinkadziwa kuti ndidzachita nazo chiyani. Amuna anga ankati ndikumudzaza mimba mlamu ndi anthu akufa, n'chifukwa chake amachedwa kudzuka.

Chaka china abambo adabwera ku Ulongwe kudzaonetsa maso kuchipatala, chifukwa adali atayamba kugunda zitseko ndi phewa. Adafika ine ndili pakati pa ntchito, chithunzi cha ubatizo wakalekale chili pagalasi la komputadori. Adaima kumbuyo kwanga, adaweramira pafupi mpaka mphuno idatsala pang'ono kukhudza galasi, kenaka adayamba kuseka.

"Uyu ndiye ankaimba ng'oma kutchalitchi. Uyu adandigulitsa mbuzi yodwala. Awa ndi amake a mnzanga uja tinkaweta naye ng'ombe. Iwe, anthu awa wawatenga kuti?"

Ndidasiya khoswe n'kuwatembenukira. Anthu amene ine ndinkawataya kunja kwa kabokosi ngati makoko a nyemba, abambo ankawadziwa mmodzimmodzi. Amayi anga adakhala pakati pa anthu omwewa. Ankapita kumaukwati omwewa, kumaubatizo omwewa. Mwina adali m'nkhokwe mwanga zaka zonsezi, mwina ndidawadula ndi dzanja langa ine mwini, osadziwa, chifukwa ndikadawadziwira chiyani? Wotha kuloza n'kunena kuti awa ndi amako adali munthu mmodzi, ndipo munthuyo adali atabwera kudzaonetsa maso.

Adotolo sadatibisire. Adati si ng'ala yoti n'kuchotsa ayi, ndi matenda ena amene amatseka maso kuyambira m'mbali, mpaka munthu amaona ngati akusuzumira m'bango, kenaka bangolo limatsekeka. Mankhwala odontheza akhoza kuchedwetsa, koma chimene chapita sichibwerera. Potuluka abambo ankadandaula za mbatatesi zawo, kuti adzazikumba bwanji. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinkaganiza za nkhokwe.

Adavomera kudzakhala nafe akatha kukolola. Idali nyengo yozizira, ija ya mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Ndikaweruka kuntchito masana ndinkawakhazika pampando patsogolo pa mlamu, atavala jekete ndi chipewa chaubweya, ine pambali ndi khoswe m'dzanja. Popeza ankaona kamalo kakang'ono kokha, ndinkakulitsa chithunzi n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono kuti nkhope zizidutsa pamaso pawo imodziimodzi, ngati anthu opita kukalandira mgonero.

Ndinkaganiza kuti ntchitoyi idzakhala ya ayi, ayi, ayi, mpaka tidzafike pa inde. Koma abambo anga amenewo! Nkhope iliyonse idali ndi nkhani. Uyu adakwatira katatu. Uyu adathawa ndi ng'ombe za apongozi ake. Uyu ankaphika mowa woti ukamwa chipanda chimodzi unkapereka moni kwa mitengo. Ankaseka, nthawi zina ankapukuta m'maso, ndipo ine ndinkasuzumira m'nkhokwe n'kuona unyinji wa zithunzi zotsala. Magetsi nawo ankazima pamene afunira. Mlamu adali atakalamba, ukamuyatsa ankayamba walira kaye m'mimba ngati munthu wodya nyemba zosapsa.

Tsiku lina chipiriro chidandithera. "Abambo, sitikuchita kalembera wa mudzi pano. Tikufuna munthu mmodzi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

"Nkhono ili ndi nthawi. Inu mulibe."

Mawu atatuluka ndidalakalaka kuwameza. Mapewa a abambo adayamba kugwedezeka. Ankaseka. "Nkhope tikuifunayi kaya tiipeza," adatero, "koma pakamwa pa amako ndiye sipadatayike. Ndi pamenepa." Palibe adandiuzapo zimenezo chibadwire, ndipo ndidapita kukhitchini kukalira pang'ono, ndikunamizira utsi wa mbaula.

Masabata adapita. Bango lija linkacheperachepera. Adayamba kuphonya kapu ya tiyi patebulo, kufufuza ndi dzanja. Kangapo konse adati, "Taima," n'kuyang'anitsitsa, kenaka, "Ayi, si iye." Adayambanso kunena zobwerera kumudzi, ati dimba likuwadikira ndipo mpando wa m'tauni ukuwapweteka msana. Ndidachita mantha enieni. Ndinkadziwa kuti akapita, podzabweranso adzakhala akuona mdima wokha.

Loweruka lina masana tidatsegula chithunzi cha ukwati wa kumbali ya ku Domwe. Adachibweretsa kale anthu ena pa maliro a mayi amene m'chithunzimo adali mkwatibwi, ndipo ine ndidadula mkwatibwiyo n'kuiwala zotsalazo. Ndidayamba kuyendetsa mzere wakutsogolo, kenaka wapakati. Nditafika kumapeto kwenikweni, kumene chithunzi chidayamba kufiira, abambo adandigwira mkono.

"Njinga yanga."

"Abambo, tikufuna anthu."

"Ndikuti njinga yanga iyo. Chonyamulira cha thabwacho ndidakhoma ndekha. Kweza m'mwamba."

Ndidakweza. Padatulukira mnyamata woonda, wa tsitsi lambiri, atagwira chiwongolero ngati wina akufuna kumulanda. Abambo adaseka, nati sankadziwa kuti adali ndi makutu aakulu chotere. Kenaka adati ndisunthire kumanja, ndipo kuseka kudatha. Pambali pa mnyamatayo padaima mkazi wamfupi, wa duku loyera. Thupi lake lidaoneka bwino, koma pamene pakadakhala nkhope padali chifunga. Adatembenuza mutu nthawi yomwe wojambula ankadina.

"Ndi ameneyu," abambo adatero motsitsa mawu. "Anthu onse aima, iye yekha."

Ndidazunguliza kabokosi kanga pamutupo n'kukulitsa. Ndidawalitsa, ndidadetsa, ndidanola, ndidachita zonse zimene zala zanga zidaphunzira pa nkhope za eni ake. Ndikamakulitsa, m'pamene zinkabalalika, mpaka pagalasi padangotsala timadontho ngati gaga. Diso padalibe, mphuno padalibe. Ndidamenya tebulo, khoswe n'kugwa pansi. Nkhope za anthu osawadziwa makinawa adanditulutsira zambirimbiri, ya amayi anga yokha n'kundimana. Abambo adangokhala, chala chili pagalasi, akumwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mnzake pamsika.

Kunena zoona, sindidawakhulupirire. Munthu wophonya kapu patebulo angadziwe bwanji mkazi wopanda nkhope? Ndidaganiza kuti atopa, akufuna kubwerera kudimba kwawo, ndiye andipatsa mkazi aliyense amene waima pafupi ndi njinga kuti ndiwasiye. Kapena adandimvera chisoni. Ndidawauza amuna anga zimenezi, iwo nati, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Ndidawayankha kuti miyambi akaphunzitse ana kushikola, ine mwendo ndilibe nawo ntchito, ndikufuna nkhope.

Tsiku lobwerera kumudzi abambo adaima pakhomo, chipewa m'manja. "Ntchito yako ija ndaiona," adatero. "Tsiku langa likadzafika, usadzandidule. Usadzandiike ndekhandekha ngati wakuba wofunidwa ndi apolisi. Udzanyamule chonsecho, ndi njinga yomwe."

"Anthu adzaseka, abambo."

"Adzaseke. Ine ndidzakhala ndisakumva."

Mvula isadagwe maso awo adatsekeka. Adakhala zaka zingapo mumdimamo, osadandaula kwambiri. Ndidawagulira karadiyo kotchaja ndi dzuwa, ndipo adakondwa ngati mwana, ati ndiye kuti iwo sadali openga poyanika mapilya padenga, azungu angowabera nzeru. Ndidawagulira ndi telefoni ya mabatani akuluakulu, ndipo ankandiimbira kuchokera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene mawu ankamveka bwino, kundiuza mtengo wa mbatatesi ndi amene wamwalira. Za chithunzi chija sitidakambenso. Ine ndinkachitsegula ndikakhala ndekha, kukulitsa chifunga chija, kuchiyang'ana, n'kutseka ndi mtima wolemera. Mlamu atafa ndithu, ndidapulumutsa nkhokwe yonse n'kuisamutsira m'komputadori yatsopano yopyapyala ija yonyamula m'chikwama. Chibokosi chake sindidataye, chili m'chipinda mpaka lero.

Abambo adamwalira nthawi yokolola nyemba. M'mawa wa tsiku loika maliro ndidasindikiza chithunzi chonse cha ukwati uja pa pepala lalikulu, ndidachiika m'felemu, n'kukwera shapa ya ku Lifidzi nditachifungata. Nditafika, msuweni wawo wa abambo, amene ankayendetsa mwambo, adachiyang'ana n'kukwinya nkhope.

"Mwana wanga, iwe ndiye katswiri wa zimenezi. Anthu adziwa bwanji kuti wamwalira ndani pagulu lonseli?"

"Amene sakudziwa kuti wamwalira ndani wasochera maliro, abwerere kwawo," ndidatero. "Adanena okha eni ake."

Adapatuka n'kundipatsa njira. Chithunzi chidayenda patsogolo pa bokosi, ukwati wathunthu ukutsogolera maliro, ndipo ndidaona anthu akugwirana zigongono m'njira. Sindidasamale.

Titabwerako kumanda, azimayi tidakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Chithunzi ndidachitsamiritsa kukhoma. Mayi wina wokalamba amene sindinkamudziwa adakhala akuchiyang'ana, kenaka adapempha kuti amupatsire. Woyandikana nane adandinong'oneza kuti ndi a kuseri kwa Domwe, adakwatiwa ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo adaoloka malire dzulo lake atamva za maliro. Adachiika pamiyendo, adachipukuta ndi nsonga ya kapulana, nayamba kuyendetsa chala.

"Ine ndi uyu," adatero, akuloza mtsikana wamtali wa mzere wakumbuyo. "Taonani khosi, abale. Lidapita kuti khosi limeneli?" Azimayi adaseka chapansipansi, monga amasekera pamaliro. Chala chidapitirira. "Awa ndi malemuwa ndi njinga yawo. Ankagona nayo m'nyumba njinga imeneyi." Kenaka adakweza maso. "Mwana wa malemu ndi uti?"

"Ndine, amayi."

"Sendera kuno. Amako awa."

Ine ndidali ndisadauze munthu aliyense pamudzipo za mkazi wa duku loyera. Ndidasendera pafupi. "Mwawadziwa bwanji, poti nkhope palibe?"

"Ndidaima kumbuyo kwawo, ndilekerenji kuwadziwa? Wojambula adati tonse tiime nji, tisaphethire. Iwe n'kuyamba kulira kumsana. Amako n'kucheuka kuti akuone. Adakalipatu bambo ameneyo, ati mwandionongera chithunzi, ndipo amako adamuyankha kuti mwana wanga sadziwa za makina ako." Adandiyang'ana modabwa. "Kodi sukudziona? Mwendo wako uwu."

Ndidayang'ana pamene padali chala chawo, m'munsi mwa chigongono cha amayi, pamene kapulana idamangidwa. Padatulukira kaphazi, kakang'ono ngati mbatatesi ya mbewu, tizala tonse tikuoneka bwinobwino. Ndipo dzanja la amayi lidapita kumbuyo n'kukagwira kaphaziko. Sikadali kobisika ayi. Aliyense woyang'ana chithunzi ngati munthu akadakaona. Abambo sakadatha, bango lawo lidali litachepa kale. Koma ine, wa maso awiri abwinobwino, ndidatsegula chithunzi chimenechi kosawerengeka, ndipo nthawi zonse kabokosi kanga kankathera pakhosi.

Ndidalira kuposa m'mene ndidalirira kumanda, ndipo azimayi adandisiya, poti pamaliro safunsa chimene ukulirira. Ndidalirira abambo, amene ndidawaganizira bodza pamene ankanena zoona. Koma kwakukulu kudali kuthokoza, ndipo mpaka lero ndikuthokozabe. Ndimathokoza wojambula waukali uja amene sadataye chithunzi choonongeka, ndi anthu amene adachisunga m'buku la nyimbo nkhondo yonse. Ndimathokoza mlamu, amene adasenza anthu onse aja m'mimba mwake zaka zonsezo akubuula koma osataya ndi mmodzi yemwe. Ngakhale radiyo yakale ija ndidaitenga pogawa katundu wa malemu, ena akulimbirana makasu ndi mbuzi, ndipo theka lija ndidaisungira ndidaikhululukira m'shapa pobwerera.

Ntchito ya zithunzi za maliro ndikuigwirabe, ngakhale masiku ano achinyamata ambiri amadzichitira okha patelefoni. Kungoti tsopano ndisadadule ndimafunsa mafunso awiri. Ndikafunsa kuti malemu ndi ati, ndimafunsanso kuti enawa ndani, ndipo wobwera nacho ndimamupatsa mapepala awiri, la nkhope ndi la gulu lonse. Ena amadabwa, ena amakhala pansi n'kuyamba kuloza.

Chithunzi chija chili pakhoma pabalaza pathu, chathunthu, pamwamba pa radiyo ya abambo. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito adabwera kudzacheza, ndipo ndidamuonetsa kuti awa ndi abambo anga, awa ndi amayi anga. Adasendera pafupi, adatsinzinira diso limodzi, nati, "Pepani, anzanga. Nkhope yawo ndiye sidatuluke."

"Idatuluka," ndidamuyankha. "Kungoti sakuyang'ana inu."